Phunziro la zaumoyo: Kodi kusiya nyama kungatsitse shuga?

Ena mwa inu amene muli ndi matenda a shuga mwamva kuti munthu akasiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka n'kumadya zakumunda zokhazokha, shuga amatsika. Pachingerezi kadyedwe kameneka amakatchula kuti vegan. Zoona zilipo pa nkhaniyi, koma munthu akangosiya nyama osadziwa choika m'malo mwake akhoza kudzipweteka. Werengani phunziroli limodzi ndi amene amakuphikirani.

Shuga amakwera bwanji?

Nsima, mpunga, buledi ndi mbatata zikagayika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Thupi limapanga insulin, imene imalowetsa shugayo m'minofu kuti tipeze mphamvu. Kwa odwala shuga wa mtundu wachiwiri, amene ndi wofala pakati pa akuluakulu, insulin imachepa kapena sigwira bwino ntchito. Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga maso, impso, mtima ndi mitsempha ya m'mapazi. Kuchipatala amati munthu ali ndi matendawa ngati shuga wake wafika 7.0 kapena kupitirira pamene sanadye kanthu usiku wonse, ndipo amayezanso kuti atsimikize.

Zimene ofufuza anapeza

Mu 2006, Dr Neal Barnard ndi anzake ku America anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa anthu 99 odwala shuga wa mtundu wachiwiri. Kwa masabata 22, gulu lina linkadya zakumunda zokhazokha zopanda mafuta ambiri, pamene lina linkatsatira malangizo a kadyedwe amene odwala shuga amapatsidwa nthawi zonse. Magulu onse awiri anapeza bwino, koma shuga anatsika kwambiri kwa odya zakumunda, ndipo 43 pa 100 alionse a gululi anawachepetsera mankhwala, poyerekeza ndi 26 pa 100 alionse a gulu linalo.

Onani bwino: anawachepetsera ndi madokotala, ndipo matenda sanathe. Chinanso, anthuwo sanangosiya nyama ayi. Ankadya nyemba, masamba, zipatso ndi mbewu zosakonola. Zakudya zimenezi zimagayika pang'onopang'ono, zimakhalitsa m'mimba ndipo zimathandiza kuchepetsa thupi.

Msampha wa kuno ku Joni

Chakudya chotchipa chimene chimapezeka msanga kuno ndi pap wa ufa woyera, buledi woyera, tchipisi, magwinya ndi zakumwa zotsekemera. Zonsezi zilibe nyama, koma zimakweza shuga mofulumira. Munthu akasiya nkhuku n'kuwonjezera mitanda ya nsima kuti akhute, shuga wake amakwera kuposa kale. Choncho funso lalikulu si lakuti mwasiya chiyani, koma lakuti m'mbale mwanu mwaikamo chiyani.

Gawani mbale yanu chonchi

Theka la mbale likhale masamba: kabichi, sipinachi, rape, nkhwani, therere kapena bonongwe, amene kuno amagulitsidwa pa dzina loti morogo. Theka lotsalalo ligaweni pawiri. Mbali imodzi ikhale ya nyemba, khobwe, nandolo, ma lentils kapena soya. Mbali inayo ndi ya nsima kapena mpunga, wosaposa kukula kwa nkhonya yanu.

Ngati mungasankhe, tengani buledi wa bulauni, ufa wa mapira umene kuno amati mabele, phala la oats, kapena samp wophika pamodzi ndi nyemba. Boma la South Africa silimadula msonkho wa VAT pa nyemba zouma, ma lentils, samp, buledi wa bulauni, masamba ndi zipatso. Zakudya zakwathu monga therere ndi khobwe zimapezeka pa msika wa ku Yeoville, ndipo kabichi amapezeka pafupifupi pa msewu uliwonse.

Tikudziwa kuti muno mu kampu si nthawi zonse pamene munthu amasankha chakudya. Mukalandira nsima yambiri ndi ndiwo zochepa, igaweni, ina mudye nthawi ina. Musataye chakudya chimene mwapatsidwa, ngakhale nsomba za m'chitini kapena mazira, ngati palibe nyemba zolowa m'malo mwake. Kugona ndi njala mukumwa mankhwala a shuga n'koopsa kuposa kudya dzira. Dziwitsani ogawa chakudya kuti muli ndi matendawa.

Nsinjiro ndi zabwino, koma thirani pang'ono chifukwa zili ndi mafuta ambiri. Soya mince ya m'mapaketi ndi timiyala ta supu zimakhala ndi mchere wambiri, pomwe bungwe la WHO limati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku, kapena kuti kasupuni ka tiyi kamodzi. Chipatso chidyeni chathunthu m'malo momwa juwisi. Yendani mofulumira mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu pa sabata.

Zinthu zitatu zoti musamale nazo

Choyamba, musasiye mankhwala. Kaya ndi metformin, glimepiride kapena jakisoni wa insulin, pitirizani mpaka anamwino kapena adokotala atakuuzani zina. Auzeni musanasinthe kadyedwe, kuti akuyezeni pafupipafupi.

Chachiwiri, dziwani zizindikiro za shuga wotsika. Amene amabaya insulin kapena kumwa glimepiride, shuga wawo akhoza kutsika kwambiri akachepetsa nsima. Mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta, kumva chizungulire kapena njala yadzidzidzi, kapena makina akaonetsa nambala yochepera 4, sungunulani timasupuni titatu ta shuga m'madzi n'kumwa, kenaka mudye buledi. Munthu akakomoka musamumwetse kanthu. Mugonekeni cham'mbali ndipo imbani 112 pa foni ya m'manja.

Chachitatu, musaiwale vitamini B12. Vitamini ameneyu amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka, osati mu nyemba kapena masamba. Kuyambira 2003 lamulo la kuno limati ufa wa chimanga ndi wa buledi uziwonjezeredwa mavitamini, ayironi ndi zinki, koma B12 sali pa mndandandawo. Komanso metformin akamwedwa kwa zaka zambiri amachepetsa B12 m'thupi. Akasowa, magazi amachepa, ndipo manja ndi mapazi zimachita dzanzi. Amene wasiyiratu zakudya zochokera ku nyama ayenera kumwa mapiritsi a B12. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, ana, odwala impso ndi amene akumwa mankhwala a TB kapena ma ARV asasinthe kadyedwe asanaonane ndi achipatala.

Yambani pang'onopang'ono

Sabata yoyamba siyani zakumwa zotsekemera ndi shuga wa mu tiyi. Yachiwiri, idyani nyemba m'malo mwa polony ndi soseji masiku atatu. Yachitatu, chepetsani nsima n'kuchulukitsa masamba. Lembani manambala a shuga wanu m'kabuku ndipo muzipita nako ku kiliniki pamodzi ndi khadi lanu. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha zaumoyo, ndipo palibe amene ayenera kukanizidwa chithandizo pa matenda adzidzidzi. Akakubwezani pakhomo, dzauzeni ogwira ntchito mu ofesi ya kampu tsiku lomwelo, mankhwala anu asanathe.

Mafunso okambirana

N'chifukwa chiyani kusiya nyama n'kuwonjezera nsima kungakweze shuga?
Mnzanu wobaya insulin wayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. Muchita chiyani?
Pa chakudya chimene munadya dzulo, n'chiyani chimene mungasinthe sabata ino?