GOLIDI WA M'DZIKO LA MPEZENI

Mzinda wa Chipata, umene kale unkachedwa Fort Jameson, unamangidwa m'caka ca 1899, Angoni a Mpezeni atagonja pa nkhondo. Cimene cinakokera Azungu ku dera limeneli cinali mbiri ya golidi. Anthu ambiri a ku London anapereka ndarama zao cifukwa ca golidi ameneyo asanamuone ndi maso, ndipo pambuyo pace kunadziwika kuti anali wocepa ndithu.

Ciyambi ca mbiriyo

Kuyambira kale Apwitikizi a ku Tete ankakumba golidi pang'ono kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi, pa malo onga Missale, kufupi ndi malire a Zambia ndi Mozambique a masiku ano. Amalonda ankafalitsa mbiri yace, ndipo mbiri ikamayenda imakula.

M'caka ca 1886 golidi wocuruka anapezeka ku Witwatersrand, pamene pali mzinda wa Johannesburg. Anthu amene anafulumira kuika ndarama zao m'migodi imeneyo analemera msanga. Motero ambiri ku Ulaya anaganiza kuti kumpoto kuyenera kukhala dziko lina la golidi lofanana nalo. Cecil Rhodes nayenso anaganiza comweco, ndipo mu 1889 kampani yace ya British South Africa Company inalandira cilolezo ca Boma la Britain cogwirira nchito m'maiko a kumpotowo.

Pa nthawi imeneyo kwa Mpezeni kunkafika Mjeremani wina wamalonda, dzina lace Carl Wiese, amene ankagula minyanga ya njobvu nakagulitsa ku Tete. Mfumu inamzolowera nimkhulupirira. Mu 1891 Wiese anatenga kalata yonena kuti Mpezeni wampatsa mphamvu pa miyala ya mtengo wapatali ya m'dziko lalikuru. Mwa mwambo wa Angoni, Acewa ndi Ansenga, mfumu imasunga dziko m'malo mwa anthu ace, ndipo mlendo amangobwerekedwa malo. Koma ku Ulaya kalata yotere inali katundu wogulitsika. Inapita m'manja mwa anthu ena, ndipo mu 1895 inabala kampani yochedwa North Charterland Exploration Company. Kampaniyi inagwirizana ndi kampani ya Rhodes, nipatsidwa dziko lalikuru ngati la mailosi 100 m'litali ndi mailosi 100 m'lifupi.

Magawo a kampani

Kufufuza miyala kumadya ndarama zambiri. Pamafunika akatswiri, zipangizo, amtengatenga ndi cakudya ca miyezi yambiri, ndipo nthawi yonseyo palibe cogulitsa. Cifukwa cace eni nchito amagawa kampani m'magawo ang'onoang'ono ambiri, amene ena amawachula masheya. Munthu akagula gawo limodzi amalandira cikalata cosonyeza kuti kacigawo ka kampaniyo ndi kace. Mgodi ukapindula, iye amalandirako phindu. Ukalephera, ndarama zace zapita.

Magawowa amagulitsidwanso pa msika wao, monga mbuzi zigulitsidwa pa msika. Koma wogula mbuzi amaiona, naigwira, nadziwa ngati iri yonenepa. Wogula gawo la kampani yofufuza miyala saona kanthu, popeza mgodi ulibe kutsegulidwa. Iye amagula ciyembekezo.

Mwacitsanzo, munthu agula magawo 100 pa paundi imodzi liri lonse. Mawa lace kumveka mbiri yakuti ofufuza apeza mwala wa golidi. Ofuna kugula acuruka, mtengo ukwera kufika mapaundi atatu, ndipo munthu uja agulitsa magawo ace napindula mapaundi 200, ngakhale golidi sanaturuke ndi pang'ono pomwe. Koma mwezi wotsatira kumveka kuti mwalawo unali umodzi wokha. Onse afuna kugulitsa, wogula palibe, ndipo amene anagula pa mapaundi atatu atsala ndi pepala cabe. Phindu la woyamba lacokera m'thumba la wotsiriza, osati pansi pa nthaka.

Caka ca 1895, cimene North Charterland inabadwa, cinali caka ca cipwirikiti cotere ku London. Magawo a migodi ya kumwera kwa Africa ankakwera tsiku ndi tsiku, ndipo olemera ndi osauka omwe ankathamangira kugula. Caka cisanathe mitengo inagwa.

Nkhondo ya 1898

Anthu amene apereka ndarama safuna kudikira. Mu 1896 kampani inatumiza gulu la ofufuza ku dziko la Mpezeni. Alendowo anayamba kuyenda m'mapiri ndi m'makwawa, kuswa miyala ndi kumanga malinga. Mpezeni anali atakalamba, ndipo anafuna kupewa nkhondo. Koma mwana wace Nsingo, pamodzi ndi anyamata a m'magulu a nkhondo, anaona kuti alendowo sakukhala monga alendo.

Kumapeto kwa 1897 Wiese ndi anzace anatumiza mau akuti Angoni awazinga. Asilikari anacokera ku Nyasaland, dziko limene lero ndi Malawi, ali ndi mfuti zazikuru, ndipo mu January 1898 anamenyana ndi Angoni. Nthungo ndi zishango sizinathe kulimbana ndi mfuti zotero. Midzi inatenthedwa, Nsingo anagwidwa naomberedwa mu February, ndipo Mpezeni anadzipereka. Ng'ombe zikwi zambiri, zimene zinali cuma ceniceni ca Angoni, zinalandidwa. Mwambo wa Nc'wala unaleka, ndipo unadzayambanso mu 1980.

Cimene cinapezeka

Nkhondo itatha, ofufuza anayenda momasuka ponseponse. Golidi anapezekadi ku Sasare, cakufupi ndi Petauke, ndipo mgodi waung'ono unagwira nchito kumeneko zaka zingapo. Koma Johannesburg waciwiri sanapezeke. Akuru amati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Kampani inabvutika, kotero kuti mu 1910 inakonzedwanso mwatsopano.

Posowa golidi, kampani inatembenukira ku cinthu cimene inali naco cambiri, ndico nthaka. Inagulitsa minda kwa Azungu olima fodya ndi oweta ng'ombe, inatsegula masitolo, ndipo inalemba anthu opita ku nchito ku Southern Rhodesia. Msonkho wa nyumba utayamba, amuna ambiri anacoka kukafuna ndarama ku migodi ya kutali. Motero anthu a dziko limene linayembekezeka kukhala la golidi anakakumba golidi wa maiko ena.

Eni dziko anasamutsidwira ku malo opatulidwa, ochedwa marizevu. Kumeneko anthu anapanikizana, nthaka inaguga, ndipo madzi a mvula anaikokolola. Pamenepo mbali yaikuru ya dziko la kampani inangokhala yopanda anthu, popeza Azungu ogula minda anali owerengeka. Chire linakula, nyama zinacuruka, ndipo kashembe, nchenche yopha ng'ombe, anafalikira. Mu 1941 Boma linagula dziko lotsala kwa kampani, ndipo anthu anayamba kubwezedwa m'malo amene makolo ao anacotsedwamo.

Mkuwa wa kumadzulo

Si mbiri zonse za miyala zimene ziri zabodza. Mu 1902 wofufuza wina, William Collier, anapeza miyala yobiriwira ya mkuwa pafupi ndi mtsinje wa Luanshya. Anthu amasimba kuti anaiona pamene anaombera cilembwe, ndipo ndico cifukwa cace mgodiwo unachedwa Roan Antelope, dzina la nyamayo pa Cingerezi. Eni dziko ankadziwa mkuwa kalekale, ndipo ankausungunula ndi kucita nao malonda.

Komabe miyala ya pamwamba sinali umboni wokwanira. Panapita zaka zoposa 20 akatswiri asanaboole pansi ndi makina ndi kuona kuti mkuwa weniweni wagona mozama. Mgodi wa Roan Antelope unayamba kuturutsa mkuwa mu 1931, zaka 29 cipezekere miyala ija. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kusiyana kwa Luanshya ndi dziko la Mpezeni ndi uku: ku Luanshya ndarama zazikuru zinatsata umboni wa zobooledwa pansi, koma kwa Mpezeni ndarama ndi mfuti zinatsata mphekesera.

Makampani ang'ono a masiku ano

Makampani ang'ono ofufuza golidi ndi mkuwa alipobe, ndipo ena amagwira nchito mu Zambia. Ambiri alibe mgodi, ali ndi cilolezo ca Boma cabe, ndipo ndarama amazipeza pogulitsa magawo ku London, ku Toronto ndi ku Australia. Nchito yao imayenda motere. Poyamba amatola dothi ndi miyala ya pamwamba nakaziyesa. Zikaonetsa zizindikiro, amaboola pansi ndi makina oturutsa mwala wautali wobulungira ngati munsi. Mwalawo amaudula, nautumiza kwa oyesa, amene amanena kuti m'tani imodzi ya mwala muli magalamu angati a golidi, kapena kuti mwa magawo 100 a mwala, mkuwa ndi magawo angati. Dzenje limodzi labwino silipanga mgodi. Pafunika maenje ambiri osonyeza kutalika, kufupika ndi kuzama kwa mwalawo, ndiponso kuwerenga ngati mtengo wa kukumba sudzaposa mtengo wa cokumbidwaco. Mwa malo ambiri ofufuzidwa, amene amasanduka migodi ndi ocepa kwambiri.

Cinyengo naco cimacitika. Kampani ya ku Canada yochedwa Bre-X inalengeza kuti yapeza golidi wocuruka zedi ku Busang, m'dziko la Indonesia, ndipo magawo ace anakwera koposa. Mu 1997 kunadziwika kuti golidi ankacita kuthiridwa m'miyala yopita kwa oyesa. Magawowo anasanduka opanda pace, ndipo anthu ambiri anataya ndarama zimene anasunga moyo wao wonse.

Wogula magawo ayenera kufunsa za maenje amene abooledwa ndi za amene anayesa miyalayo. Mfumu ndi anthu a m'midzi ayenera kufunsa koposa apo, asanabvomere kalata iri yonse: kodi kalatayo ikunena ciani, idzatha liti, ndipo minda, madzi ndi manda zidzatani? Wa ku London amene anagula magawo a North Charterland anataya mapaundi ace. Anthu a Mpezeni sanagule gawo ndi limodzi lomwe, koma anataya ng'ombe zao, mwana wa mfumu yao, ndi nthaka yao kwa zaka zoposa 40.

Mafunso

1. Kodi Carl Wiese anali yani, ndipo anatenga ciani kwa Mpezeni mu 1891?
2. Fotokozani kusiyana kwa kugula mbuzi ndi kugula gawo la kampani yofufuza miyala.
3. Munthu agula magawo 50 pa mapaundi atatu liri lonse, nawagulitsa pa paundi imodzi liri lonse. Wataya ndarama zingati?
4. Kodi North Charterland inacita ciani itasowa golidi?
5. Cifukwa ninji dzenje limodzi labwino silipanga mgodi?
6. Funsani akuru a m'mudzi mwanu ngati makolo ao anasamutsidwapo pa malo ao, ndipo lembani zimene akuuzani.