Kapamba Akayamba Kudzigaya Yekha

Amayi, bambo akabwera kumowa atagwira pamimba, akusanza, ululu ukuchokera pamwamba pa mchombo n'kulasa mpaka kumsana, ambiri timangoti ndi zilonda za m'mimba. Nthawi zina ndi zoona. Koma mukaona kuti akagona chagada ululu ukukula, akakhala tsonga n'kuwerama ukuchepako, ganizirani za kapamba.

Tisasokoneze. Ena amati kapamba ponena chiwalo chotupa kumanzere mwana akamadwaladwala malungo. Apa tikunena chimene achipatala amati pancreas. Chili kuseri kwa chifu, ndipo chimapanga insulin komanso madzi ogaya nyama ndi mafuta m'matumbo. Madziwa amatuluka ali ogona, amakadzukira m'matumbo. Akadzuka akadali m'kapamba, amayamba kugaya kapambayo. Dokotala Hans Chiari adafotokoza zimenezi mu 1896.

Nanga amadzutsidwa ndi chiyani? Mudule peyala, mulisiye pambale: posakhalitsa lada. Khasu likagona pamvula lichita dzimbiri. Ndi ntchito ya mpweya wa okosijeni. Thupi nalo limatentha chakudya ndi mpweyawu kuti tipeze mphamvu, ndipo pamotopo pamathetheka timoto tomwe akatswiri amati ma free radical. Thupi lili ndi zozimitsira zake, monga glutathione, vitamini C ndi E. Timoto tikachuluka kuposa zozimitsira, ndiye oxidative stress.

Mowa umachulukitsa timotoyo m'kapamba, fodya wosuta nayenso. Timaboola zikuta za maselo, mchere wa calcium umadzaza m'kati, maselo amatha mphamvu, madzi ogaya aja n'kudzuka nthawi isanakwane. Asilikali a m'magazi akathamangira pamalopo amalavulanso timoto tawo, moti moto wa pamunda umodzi umalowa m'tchire. Zikafika poipa, mapapo ndi impso zimavulala, ngakhale kuti vuto linayambira pamimba. Mwa odwala 5, pafupifupi 4 amachira m'sabata imodzi. Wachisanuyo ndiye amafika pakayakaya.

Musaganize kuti ndi matenda a oledzera okha. Timiyala ta m'ndulu tikatseka njira ya madzi a kapamba, matenda ayamba, ndipo timiyalati timagwira amayi kwambiri kuposa abambo. Nyongolotsi za m'mimba zingatsekenso njirayo. Kumenyedwa pamimba, matsagwidi, ngakhale kumwa mankhwala ophera tizilombo monga amene timapopera fodya kuno ku Msakambewa, zonsezi zingatupitse kapamba. Botolo lake lisakhale pafupi ndi ufa kapena pofika ana.

Pali nkhani ina yokhudza mbale yathu. Kuti glutathione agwire ntchito bwino, thupi limafuna mchere wa selenium. Akatswiri a ku LUANAR ndi anzawo a ku University of Nottingham adapeza kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa chifukwa cha nthaka yake. Nsima yokha siingakwanitse. Usipa, matemba ndi mazira zimathandiza. Magwafa, masuku, bonongwe ndi chisoso zimabweretsa vitamini C. Mtedza wotendera ndiwo uli ndi vitamini E. Koma ndinene mosabisa: wina akakugulitsani mapilisi kapena zitsamba zoti zimachiza kapamba wotupa, musataye ndalama. Chakudya chimamanga chitetezo matenda asanabwere, sichizimitsa moto woyaka kale.

Munthu akapweteka chonchi, musadikire kuti kuche, musamupatsenso mowa woti "uchotse matsire". Pitani naye ku chipatala chapafupi, amutumize ku Dowa District Hospital. Zikavuta amapititsidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumeneko amamuika madiripi, kumupatsa mankhwala amphamvu oletsa ululu, ndi kumuyambitsa kudya pang'onopang'ono akasiya kusanza. Muuzeni dokotala zoona: wamwa chiyani, wochuluka bwanji, mankhwala ati amamwa masiku onse. Ngati wamwa mankhwala ophera tizilombo, nyamulani botolo lake. Akatuluka, mowa ndi fodya asiyiretu, chifukwa kapamba wotupa kawirikawiri amatha kusiya kupanga insulin, munthu n'kudwala shuga. Ngati gwero ndi timiyala, funsani za opaleshoni yochotsa ndulu musanachoke m'wodi.