Ulusi wa Merino Wosakaniza ndi Bafuta: Mafunso ndi Mayankho kwa Oluka a ku Madisi

Kabuku kano talemba ife a gulu la amayi oluka kuno ku Madisi. Chiyambireni kulukira ulusi wa merino wosakaniza ndi bafuta, dandaulo limene limatipeza kawirikawiri ndi limodzi: chovala chachepa atachichapa. Ena afika pouopa ulusiwu, ena akuti ndi wachinyengo. Mafunso ali m'munsimu ndi amene takhala tikufunsidwa ndi oluka anzathu komanso ogula, kuyambira ku Mponela mpaka kumapiri a Ntchisi.

Kodi merino ndi chiyani?

Ndi mtundu wa nkhosa za ubweya wosalala kwambiri. Kwawo kwenikweni ndi ku Spain. Zinafika ku South Africa mu 1789, ndipo masiku ano ubweya wambiri wa mtunduwu umachokera ku Australia. Nkhosa zathu zakuno n'zanyama, ubweya wake ndi waufupi ndi wokhakhala, sangapote nawo ulusi wotere.

Nanga bafuta wake ndi thonje?

Ayi, si thonje ngati la ku Salima. Ndi luzi la m'tsinde la chomera chotchedwa fulakesi, chimene amalima kwambiri ku France, Belgium ndi Netherlands. Pakapepala kokulunga ulusi amalemba kuti linen.

Amasakaniziranji ziwirizi?

Ubweya umafunda ndiponso umatamuka. Bafuta ndi wolimba, satamuka, ndipo satenthetsa thupi. Juzi ya ulusi wosakanizawu imakutetezani kumphepo ya m'mawa mu June ndi July, koma dzuwa likakwera simutuluka nayo thukuta.

Ndilukire singano zanji?

Kapepala kamanena. Ulusi wonenepa mwapakatikati umayenda bwino ndi singano za mamilimita 3.5 kapena 4, kaya ndi singano ziwiri kaya ndi kasingano ka ngowe. Musamange kwambiri poluka, chifukwa bafuta amatopetsa zala.

N'chifukwa chiyani juzi yanga yachepa nditangoichapa kamodzi?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ambirife tinaphunzirira kuluka ndi ulusi wa pamsika uja wa acrylic, umene amapanga kuchokera ku mafuta a pansi pa nthaka, njira yofanana ndi ya pulasitiki. Umenewo mungautikite pamwala, mungaufinye, mungauyanike padzuwa, suchepa. Ndiye manja athu anazolowera kuchapa kotero.

Ubweya wa nkhosa ndi wina. Kaubweya kalikonse kali ndi timamba tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Ukanyowa m'madzi otentha a sopo, timamba tija timatseguka. Mukayamba kutikita, ubweya umasunthasuntha n'kumakolana, ndipo timamba sitilola kuti ubwerere pamene unali. Mukapitiriza, chovala chonse chimagwirana, n'kukhuthala, n'kufupika, moti mizere ya maluko siionekanso. Juzi ya mwana wa zaka zisanu imatha kutsala yokwana khanda. Choncho kuchepako sikusonyeza kuti ulusi ndi wachinyengo. Kawirikawiri kumasonyeza kuti muli ubweya weniweni.

Ndiye tizichapa bwanji?

Thirani m'beseni madzi ozizira kapena ofunda pang'ono chabe, oti mukaviika chigongono simukumva kutentha. Mapepala ambiri amalemba 30, kutanthauza kuti madzi asapitirire madigiri 30. Sungunulani kasopo pang'ono m'madzimo chovala chisanalowe. Chitembenuzeni kunja kukhale mkati, chimizeni, n'kuchisiya mphindi ngati 10. Kenako muzichikanikiza ndi zikhato pang'onopang'ono, osatikita, osapukusa, osamenyetsa pamwala. Potsukuluza, madzi akhale ofanana ndi oyamba aja.

Potulutsa, chinyamuleni chonse m'manja awiri, chifukwa chikalendewera chili chonyowa chimatamuka. Musachipotokole. Chiyaleni pathaulo kapena pachitenje chouma, kulungani ngati mphasa, kanikizani kuti madzi alowe m'nsaluyo. Mukatero chiyaleni pamthunzi chogona, muwongole mikono ndi khosi kuti chikhale mmene chinalili. Pachingwe ayi, pakapinga padzuwa ayinso. Ubweya umasunga madzi ambiri, ndiye m'nyengo yozizira chingatenge tsiku lathunthu kapena kupitirira. Pirirani, musachiyandikize kumoto.

Ine ndinachapa ndi madzi ozizira a pamjigo, koma yachepabe. Chavuta n'chiyani?

Funsoli latipeza kambirimbiri. Madzi ozizira amathandiza, koma paokha sakwanira. Tikafunsitsa, nthawi zambiri timapeza kuti mayi anatikita pakhosi kapena m'khwapa pamene panali litsiro, ndipo malo omwewo ndi amene auma gwa. Ena amachapa ndi madzi ofunda n'kutsukuluza ndi ozizira kwambiri, ndipo kusintha kwadzidzidzi kotero nako kungachititse ubweya kugwirana. Ena amachiphatikiza ndi zovala zina m'beseni limodzi. Sitinganene motsimikiza chimene chinachitika pachovala chilichonse osachiona, ndiye bwerani nacho tidzaonere limodzi.

Sopo wake ndi uti?

Wabwino ndi wochapira zaubweya, koma sapezekapezeka kuno. Ambirife timagwiritsa ntchito shampu wa ana kapena shampu wina wofatsa, madontho ochepa chabe. Sopo wa ufa ndi waukali, ndipo wina amamuika mankhwala osungunula madontho a magazi ndi a mkaka, amene angadyenso ubweya pang'onopang'ono. Sopo wamtanda musamupake pachovala. Jik ndiye musayerekeze n'komwe: amasungunula ubweya.

Popeza muli bafuta, si ndiye kuti sungachepe?

Ambiri amaganiza choncho. Bafuta alibe timamba, sagwirana, ndipo akanyowa amalimba kuposa pamene ali wouma. N'zotheka kuti amachepetsako vutoli, makamaka akakhala wambiri mu ulusiwo. Koma ubweya umene wapotedwa naye limodzi ukagwirana, umamukokera momwemo. Onani pakapepala kuchuluka kwa chilichonse, chifukwa makampani amasakaniza mosiyanasiyana. Ubwino wa bafuta ndi wakuti amanka nafewa mukamachapa.

Ulusi wina analemba kuti superwash. Umenewo ndingatikite?

Umenewo anaukonza kufakitale kuti timamba tisakolane msanga, ndipo suchepa wamba. Komabe sitikulonjeza kuti ungapirire kuchapa kwa pamwala. Vuto lake lina ndi lakuti umakonda kutalika ukanyowa, ndiye kuyanika chogoneka n'kofunikabe.

Yachepa kale. Ingabwererenso?

Ngati yangofupika pang'ono ndipo maluko akuonekabe, mwina. Iviikeni kwa theka la ola m'madzi ofunda pang'ono osakaniza ndi mankhwala ofewetsa tsitsi aja amapaka akatha shampu, kenako muikoke mofatsa mbali zonse ili chigonere. Ena zimawathandiza, ena ayi. Koma ngati yagwirana mpaka kukhuthala, tisanamizane, sibwerera, ndipo ngakhale kumasula ulusi wake sikutheka. Musaitaye. Nsalu yotere mukaidula siyoyoka, ndiye mungasokemo tinsapato ta mwana kapena chogwirira mphika.

Kodi ndingalukire khanda?

Ubweya wa merino ndi wowonda kwambiri kuposa tsitsi la munthu, n'chifukwa chake anthu ambiri suwabaya. Bafuta akakhala watsopano amakhala wolimbirapo, ndiye chapani kaye chovalacho mwana asanavale. Chipewa, shawelo ndi juzi yovala pamwamba popita kusikelo n'zoyenera. Koma zovala zimene mwana amakodzera kapena kubwezera mkaka, zofuna kuchapa tsiku ndi tsiku, malangizo athu ndi akuti mulukire thonje kapena acrylic. Palibe mayi wa khanda amene angakwanitse kuchapa mwaulemu chonchi m'mawa uliwonse. Mwana akatuluka totupa, muvuleni, ndipo mukafunse achipatala, kaya kuchipatala cha mishoni cha Madisi kaya kumene muli nako pafupi.

Ndingadziwe bwanji kuti sanandipusitse?

Dulani kaulusi kakafupi, mukagwire ndi supuni ziwiri kapena chopanira, muyatse ndi machesi panja, kutali ndi ana. Ubweya umanunkha ngati tsitsi lopserera ndipo phulusa lake limafumbutuka mukalifinya. Bafuta amanunkha ngati pepala lopsa. Ulusi wosakaniza umatulutsa fungo la zonse ziwiri. Acrylic amasungunuka n'kusiya kampira kakuda kolimba. Njira imeneyi siikuuzani ngati ubweyawo ndi wa merino kapena wa nkhosa zina, koma imakuuzani ngati muli pulasitiki wambiri. Ndi yothandizanso kwa amene mumamasula majuzi a pakaunjika kuti mupeze ulusi.

Mtengo wake ndi wotani?

Sitilemba mtengo muno, chifukwa ungasinthe kabukuka kasanafike m'manja mwanu. Ulusiwu umachokera kunja, ndiye umatsatira dola. Mukukumbukira mmene katundu anakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Chimene tinganene n'chakuti nthawi zambiri umaposa wa pamsika kangapo. Umabwera m'mipukutu ya magalamu 50 kapena 100. Gulani wokwanira chovala chonse nthawi imodzi, chifukwa wobwera pambuyo mtundu wake ungasiyaneko. Musanatenge ngongole kubanki m'khonde, yambani mwapeza wogula amene wavomera mtengo.

Nanga njenjete?

Zimadya ubweya, makamaka wa thukuta. Nyengo yozizira ikatha, chapani, umitsani bwinobwino, sungani m'thumba lotseka.

Ndaluka, ndagulitsa, wogula wachapa ndi madzi otentha ndipo yachepa. Akufuna ndalama zake. Nditani?

Nkhani zotere zadanitsa anthu, ndipo ife sitingagamule mlandu uliwonse. Zimatengera zimene munagwirizana pogulitsa. Ulusi umene mwatenga kudzera m'gulu lathu tingaganizire zosintha ngati usanalukidwe ndipo kapepala kake kalipo, koma chovala chochapidwa kale n'chovuta kuti tibwezerepo kanthu.

Chimene timapempha woluka aliyense n'chakuti musanayambe juzi, lukani kachidutswa ka masentimita 10 mbali zonse, kayezeni, kachapeni mmene tafotokozera, kakauma kayezeninso. Mudziwiratu mmene ulusiwo umachitira ndi madzi. Lukani kachidutswa kenanso, kameneka mukatikite dala m'madzi otentha a sopo. Pogulitsa, muonetseni wogula tizidutswa tiwiriti, atigwire ndi manja ake. Kenako mufunseni kuti kunyumba amachapa ndani, chifukwa nthawi zambiri wogula si amene amachapa. Ngati ndi mwana wa sukulu kapena wantchito, malangizowa amufike iyeyo, ndipo mulembe papepala n'kumangirira pachovalacho.