Kuchepetsa Shuga Kumayambira pa Sipuni ya Tiyi

Anthu ambiri kuno ku Namitete akafuna kuchepetsa shuga amayamba ndi kulumbira. Wina wauzidwa kuchipatala kuti thupi lakula mopitirira, wina wangozulitsa kumene dzino, wina waona mbale wake akuvutika ndi chilonda chosapola chifukwa cha matenda a shuga. Amafika pakhomo n'kulengeza kuti kuyambira mawa shuga sadzamulawanso. Lolemba amwa tiyi wopanda kanthu atakwinya nkhope. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika Lachinayi mukampeza pa tiyirumu ya pamsika akutakasa masipuni anayi, ndipo mukamufunsa angoti, "Achimwene, zandikanika, thupi langa linazolowera." Ndawaona otere ambirimbiri, amuna ndi akazi omwe, ndipo onse amagwera malo amodzi.

Pali njira ina yochepetsera shuga, ndipo zokonzekera zake n'zochepa: kasipuni kakang'ono ka tiyi, kapu imodzi yomwe muzimwera tsiku lililonse, ndi chitini chokhala ndi chivindikiro. Musagule china chilichonse.

Dziwani kaye muyezo. M'chaka cha 2015 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu pafupifupi 50 a shuga wothira pa tsiku, omwe ndi timasipuni tating'ono 12 tosadzadza chulu, ndipo linati kutsika mpaka timasipuni 6 ndi bwino koposa. Muyezowu ukuphatikiza shuga wa m'tiyi, m'phala, m'thobwa, m'mandasi, m'zakumwa za m'mabotolo, uchi ndi juwisi. Shuga wachilengedwe wa m'chipatso chathunthu ndi wa mumkaka sawerengedwa.

Kuti mudziwe pamene banja lanu lili, lembani ndi cholembera pa paketi tsiku lomwe mwaitsegula. Kilo imodzi ili ndi timasipuni pafupifupi 250. Ngati pakhomo muli anthu asanu ndipo paketiyo yatha m'masiku anayi, aliyense wadya kale magalamu 50 pa tsiku, asanagule mandasi kapena switi panjira. Paketi zotero zimakwana zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu pamwezi. Tingoyerekeza kuti imodzi mukugula K3,500, ngakhale mtengo umasinthasintha ndipo pa okala umakwera kuposa apo: ndalama yoposa K24,000 ikusungunuka m'makapu mwezi uliwonse. Amene amagula timatumba ta shuga tam'mawa uliwonse amalipira zambiri kuposa pamenepa, kungoti sazimva kupweteka chifukwa zimachoka pang'onopang'ono.

Yambani ndi zakumwa za m'mabotolo, chifukwa apa mpophweka. Botolo lagalasi la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi timasipuni pafupifupi 8, ndipo Fanta, Frozy, maheu a m'sitolo ndi zakumwa zomwe amati n'zopatsa mphamvu zimakhalanso ndi shuga wambiri. Musasunge kireti m'nyumba, ngakhale nyengo ija ndalama za fodya zikamabwera kuchokera ku Kanengo. Sankhani tsiku limodzi pamlungu lomwera botolo limodzi. Sobo musungunule ndi madzi ambiri kuposa kale, ndipo mukapita kukazonda wodwala nyamulani nthochi kapena mazira m'malo mwake. Anthu ambiri gawo ili amalikwanitsa.

Tsopano tafika pa tiyi, ndipo gawo lino muliwerenge kawiri.

Mukafunsa munthu kuti amathira shuga wochuluka bwanji, amayankha kuti masipuni atatu okha. Pitani mukaione sipuniyo. Ndi ija yodyera phala, ndipo amaitunga mpaka shuga kuchita chulu. Sipuni yotero imanyamula timasipuni tating'ono tinayi kapena tisanu. Masipuni atatu aja ndiye timasipuni 12 mpaka 15 m'kapu imodzi. Muyezo wa tsiku lonse watha munthu asanagwire ndi khasu lomwe. Makomo ena amachita zoposa apo: wophika amapendeketsa paketi pa ketulo n'kumayeza ndi maso. Pakhomo potero palibe amene angachepetse shuga, chifukwa palibe amene akudziwa kuti akumwa wochuluka bwanji.

Choncho kuyambira lero shuga asalowenso m'ketulo. Tiyi aphikidwe wopanda kanthu, shuga akhale m'chitini, aliyense athire m'kapu mwake.

Milungu iwiri yoyamba musachotse sipuni ngakhale imodzi. Thirani masipuni atatu anu omwe aja, koma sipuni iliyonse muziisalaza ndi mpeni kuti chulu chija chibwerere m'chitini. Pongotero mwachotsa kale gawo lalikulu, ndipo lilime silidandaula kwenikweni. Ikatha milungu iwiriyo, tsikirani pa masipuni awiri ndi theka. Khalani pamenepo milungu iwiri. Kenako awiri, kenako imodzi ndi theka, kenako imodzi, sitepe iliyonse milungu iwiri yathunthu. Mukafika pa sipuni yaikulu imodzi yosalaza, ibwezereni kukhitchini, mutenge kasipuni kaja muzithira tiwiri, kenako kamodzi ndi theka, kenako kamodzi. Ntchito yonseyi imatenga miyezi itatu kapena inayi.

Ndikudziwa zomwe mukuganiza, kuti miyezi inayi yachuluka ndipo inu mutha kudumpha masitepe ena. Musadumphe. Apa ndi pomwe ndaona anthu akugwa mobwerezabwereza. Mlungu woyamba ukayenda bwino, munthu amadzimva mphamvu n'kuchoka pa masipuni atatu kufika pa imodzi tsiku limodzi. Tiyi amamuwawa, amayamba kuipidwa naye, ndipo pakutha pa masiku ochepa wabwerera pa chulu chake chakale, tsopano ali ndi umboni wakuti iye sangathe. Lilime limazolowera kukoma kwatsopano pang'onopang'ono, ndipo silikakamizika. Likazolowera, tiyi wa masipuni atatu amene munkamukonda adzayamba kukulakani pakhosi. Koma limafuna milungu yake. Kuthamanga si kufika. Ngati sitepe ina yakuvutani, khalani pomwepo mlungu wachitatu. Musabwerere m'mbuyo ndipo musathamangire kutsogolo.

Chenjerani ndi njira zitatu zodzinamiza nazo. Yoyamba ndi kapu: wina amachepetsa masipuni koma n'kuyamba kumwa makapu awiri, aliyense ndi shuga wake. Muyezo ndi wa tsiku, choncho mukafuna kapu yachiwiri gawani shuga yemweyo pawiri. Yachiwiri ndi kulipirira kwina: tiyi wachepa kuzuna, ndiye mandasi achoka pa awiri kufika pa anayi, kapena thobwa la masana lathiridwa shuga wowirikiza. Thobwa lophikidwa bwino ndi chimera limazuna lokha, silifuna thandizo la paketi. Yachitatu ndi sipuni kuyambanso kuchita chulu mwakachetechete pakatha mwezi. Mpeni uja usachoke pambali pa chitini. Salazani tsiku lililonse, ngakhale mwachedwa kumunda, ngakhale palibe akukuonani.

Ambiri amene amati tiyi wopanda shuga wambiri ndi wowawa amamuwawitsa okha. Amathira masamba a Chombe m'madzi ozizira n'kuwabwatitsa mpaka madzi ade bii, kenako amafuna shuga wophimba kuwawako. Wiritsani madzi okha, phulani, thirani masamba, dikirani mphindi zitatu kapena zinayi, sefani. Kachidutswa ka ginja kapena masamba a lemoni girasi amapatsa tiyi fungo lomwe limachepetsa kufuna shuga. Chidede n'chowawasa ndipo chimakopa dzanja kupita kuchitini, choncho chisiyeni kaye mpaka lilime litazolowera.

Pakhomo padzakhala madandaulo. Abambo adzati, "Amayi, tiyi wa lero bwanji akukhala ngati mankhwala?" Musakangane nawo, apatseni chitini athire okha, koma sipuni ikhale yaing'ono. Alendo ndi apongozi chimodzimodzi: ikani chitini ndi kasipuni pa thireyi, palibe amene anganene kuti mwamumana. Inuyo mukapita kumaliro, kuchinkhoswe kapena kumphakati n'kulandira tiyi wothira kale, imwani mwaulemu. Mawa lake pitirizani pa sitepe yomwe munali. Kapu imodzi ya kumaliro siifafaniza milungu isanu ndi umodzi, ndipo amene amati "poti ndalakwa kale ndingoyambiranso Januwale" akungofuna podzikhululukira.

Phala la ana lithiridwe nsinjiro ndi kamchere pang'ono. Mtedza tili nawo wambiri kuyambira ku Nsaru mpaka ku Kabudula, ndipo n'zomvetsa chisoni kuugulitsa wonse kwa mavenda kuti tikagule shuga. Mwana wosakwana zaka ziwiri asathiridwe shuga m'pang'ono pomwe. Iye sanadziwe kuzuna kwa m'paketi, ndife akuluakulu timamuphunzitsa, kenako timadabwa mano akubooka asanayambe sukulu.

Chibaba cha zotsekemera chimakonda kubwera chakumasana kapena dzuwa likapendeka, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi njala ndi ludzu. Munthu amene wafisula tiyi ndi mandasi okha amamva mphamvu kwa kanthawi, kenako thupi limalefuka n'kuyamba kufuna china chozuna. Konzani kadzutsa ndipo chibaba chichepa chokha: mbatata yophika, chinangwa, maungu, phala la mgaiwa la nsinjiro, ngakhale mkute wa nsima ndi nyemba. A kabaza, ogulitsa pamsika ndi amene mumakwera minibasi kupita ku Lilongwe kapena ku Mchinji, ikani mtedza wokazinga m'thumba musanachoke pakhomo, chifukwa pa siteji chimene chili pafupi ndi dzanja ndi mabisiketi ndi mafilizesi. Chibaba chikafika, imwani kaye kapu ya madzi, tafunani mtedza, pitirizani ntchito kwa mphindi khumi kapena makumi awiri. Kawirikawiri chimazilala. Chikakana, idyani chipatso chathunthu: nthochi, gwafa, papaya, mango kapena masuku pa nyengo yake. Musachifinye kukhala juwisi, chifukwa zotsalira zomwe mumataya zija ndi zimene zimachedwetsa shuga kulowa m'magazi. Nzimbe ndi shuga yemweyo asanapite ku fakitale, choncho mfundo ziwiri zakwana, osati phesi lonse.

Pali malangizo ena oyendayenda amene amanditopetsa. Ena amati uchi ulibe vuto poti ndi wachilengedwe. Uchi ndi shuga, ndipo m'muyezo wa WHO uja ulimo. Ena amati shuga wabulawuni ndi wabwino kuposa woyera, pamene kusiyana kwake ndi kamtundu ndi kafungo chabe. Enanso amaloza paketi n'kunena kuti muli vitamini A. N'zoona, kuyambira mu 2012 shuga wa Illovo wochokera ku Nchalo ndi ku Dwangwa amathiridwa vitamini ameneyu, ndipo cholinga chake chinali chabwino, koma sichinali chakuti tizidya shuga wambiri. Vitamini A yemweyo ali mu mbatata yofiira m'kati monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, m'maungu, m'mango, mu bonongwe ndi nkhwani. Nawonso mabotolo a zitsamba ogulitsidwa pamsika, omwe amati amatsuka shuga m'magazi, asiyeni pomwepo. Simudziwa chomwe chilimo, ndipo ena mwa iwo ndi ozuna okha.

Pali anthu amene malangizo onsewa ayenera kuwatenga mosamala. Ngati muli kale ndi matenda a shuga ndipo mumabaya insulin kapena kumwa glibenclamide, shuga wa m'magazi atha kutsika mopitirira, makamaka mukadumpha chakudya kapena mukalima kwambiri. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Zikatero shuga ndiye mankhwala: timasipuni titatu kapena tinayi m'madzi, kenako chakudya. Muziyenda ndi timaswiti m'thumba ndipo a pakhomo adziwe zimenezi. Munthu akakomoka musamumwetse kanthu, thamangirani naye kuchipatala. Musasiye mankhwala poti mwachepetsa shuga m'tiyi, ndipo za muyezo wanu wa tiyi, zipatso ndi nsima kambiranani ndi adokotala, chifukwa ndondomeko ya miyezi inayi ija ndi ya anthu amene alibe matendawa. Mwana wotsekula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS monga mwa nthawi zonse, ndipo mwana wonyentchera amene walandira chiponde kuchipatala adye chonse, ngakhale n'chozuna.

Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi matenda a shuga, ndipo matendawa munthu amatha kukhala nawo zaka osadziwa. Ngati mukumva ludzu losatha, mukudzuka kangapo usiku kukakodza, mukuonda popanda chifukwa, maso akuchita chidima kapena chilonda chikukana kupola, kusalaza sipuni sikukwanira. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala mupite ku St Gabriel's ku Namitondo, ku Kabudula kapena chipatala chilichonse chomwe muli nacho pafupi, mukapemphe kuyezedwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi komwe. Pitani m'mawa musanadye kapena kumwa tiyi, madzi okha ndiwo mungamwe, ndipo nyamulani kambatata kodya mukatha kuyezedwa.