MAKINA OYANKHA MAFUNSO NDI TSOGOLO LA YUNIVESITE

Mu Novembala 2022 kampani ya ku America yotchedwa OpenAI inatulutsa ChatGPT, chida cha pa kompyuta chimene chimayankha mafunso ndi kulemba nkhani yathunthu m'kamphindi. Chiyambire pamenepo aphunzitsi a m'mayunivesite ali ndi funso lowasautsa: ngati wophunzira angathe kulamula makina kuti amlembere ntchito imene anapatsidwa, kodi digiri yake idzachitira umboni wa chiyani?

Aka si koyamba kuti makina agwedeze masukulu apamwamba. Yunivesite ya Bologna ku Italy, imene chiyambi chake amachiwerengera m'chaka cha 1088, inayamba mabuku akulembedwa ndi manja. Popeza buku linali la mtengo wapatali, mphunzitsi ankawerenga mokweza, ophunzira namvetsera. Pamene Johannes Gutenberg anayamba kusindikiza mabuku ku Mainz cha m'ma 1450, mabuku anachuluka natsika mtengo, ndipo munthu anatha kudziwerengera yekha kunyumba. Komabe mayunivesite sanathe ai, pakuti anali ndi ntchito ina imene buku silikadatha kuichita. Wophunzira ankaimirira pamaso pa aphunzitsi nateteza maganizo ake, iwo akumtsutsa. Pamenepo mpamene ankadziwika amene wamvetsa ndi amene wangoloweza.

Makina a masiku ano anaphunzitsidwa ndi zolembedwa zosawerengeka, ndipo poyankha amalosera liwu loyenera kutsata linzake. Chifukwa chake nthawi zina amanena zonama ndi mau osalala, mpaka kutchula mabuku amene sanalembedwe konse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene angaone nyererezo ndi yekhayo amene analidziwa kale phunzirolo. Wosadziwa ameza zonse.

Nkhaniyi ikhudza Malawi ndithu. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965, ndipo mu 2021 masukulu ake a udokotala ndi unamwino anasanduka Kamuzu University of Health Sciences. Mai amene wafika ku chipatala usiku ndi mwana wodwala malungo sangathe kuyesa nzeru za dokotala; amangokhulupirira kuti amene anampatsa digiri anamuyesa mokwanira. Ngati mayeso anapambana ndi makina, wovutika ndi mwanayo. Atayanso ndi makolo amene anagulitsa mbuzi ndi fodya kuti alipire fizi, poyesa kuti mwana wao akutola nzeru.

Kuletsa makinawa sikungathandize, monga sikukadathandiza kuletsa mabuku osindikizidwa. Wophunzira aphunzire kuwagwiritsa ntchito, pakuti adzawapeza ku ntchito kwake. Koma yunivesite iyenera kubwerera ku mwambo wakale uja: mphunzitsi akhale maso ndi maso ndi wophunzira, namfunsa chifukwa chimene walembera zimene walemba, kumene wazitenga, ndi pamene makina alakwa. Mayeso otere afuna nthawi ndi aphunzitsi ambiri. Chotero dziko limene ligula makompyuta nkuchepetsa aphunzitsi likhala ngati mlimi wogula khasu latsopano wopanda wolimira.

Mafunso okambirana:
1. Chifukwa ninji kusindikiza mabuku sikunathetse mayunivesite?
2. Kodi wophunzira wopereka ntchito ya makina ngati yake amalakwira yani?
3. Kodi makolo angadziwe bwanji kuti mwana wao akuphunziradi?