Kugula Masheya a Makampani Ang'onoang'ono Amene Akuchoka pa Msika: Mafunso ndi Mayankho

Kodi kampani ikamachoka pa msika wa masheya chimachitika n'chiyani?

Masheya a kampani imene ili pa msika, monga wa ku New York kapena wa ku London, aliyense amatha kugula ndi kugulitsa. Kampani ikachoka pa msika, umwini wake umatsala m'manja mwa anthu ochepa: akuluakulu oyendetsa kampaniyo, banja limene linaiyambitsa, kapena gulu la anthu a chuma. Nthawi zambiri eni masheya enawo amalipidwa ndalama n'kutuluka.

N'chifukwa chiyani makampani ang'onoang'ono amakonda kuchoka?

Kukhala pa msika kumadya ndalama. Ku America vutoli linakula mu 2002 pamene anakhazikitsa lamulo la Sarbanes-Oxley, pambuyo pa chinyengo cha makampani a Enron ndi WorldCom. Lamuloli linachulukitsa ntchito yofufuza mabuku a ndalama ndi malipoti opita ku SEC, bungwe loyang'anira misika ya masheya. Kampani yaikulu siimva kulemera kwake, koma kwa yaing'ono malipiro a maloya ndi ofufuza mabuku angameze gawo lalikulu la phindu la chaka. Njira yothawira ilipo: kampani imene eni ake olembedwa m'kaundula safika 300 ingathe kudzaza Form 15 n'kusiya kupereka malipoti. Kwa mabanki, malirewo anakwezedwa mu 2012 kufika pa 1,200.

Nanga wogula masheya phindu amalipeza pati?

Limagona pa kusiyana kwa mitengo iwiri: umene kampani yalonjeza kulipira ndi umene masheyawo akugulidwa pa msika tsikulo. Wa pa msika kawirikawiri umakhala wotsikirapo, chifukwa anthu amakayikabe ngati lonjezolo lidzakwaniritsidwe.

Njira imene yakopa anthu a ndalama zochepa ndi yophatikiza masheya. Pofuna kuchepetsa eni ake, kampani imalengeza kuti masheya 1,000 akale akhala sheya imodzi yatsopano, ndipo amene ali ndi osakwana 1,000 apatsidwa ndalama. Tiyerekeze kuti yalonjeza madola 3 pa sheya, pamene pa msika ikupita pa madola 2.60. Munthu wogula masheya 999 amalowetsa madola pafupifupi 2,600, ndipo pakatha miyezi ingapo amalandira oposerapo ndi madola pafupifupi 400. Makampani ena amaitana eni masheya kuti awagulitse, n'kulonjeza kuti amene ali ndi osakwana 100 ndiwo ayambe kulipidwa, ndiponso onse athunthu.

Mabungwe akuluakulu osunga ndalama za anthu sangataye nthawi pa madola 400, komanso sangathe kugula ambiri popanda kudutsa malire a 999. Apa ndi pamodzi mwa malo ochepa pamene kuchepa kwa thumba kumathandiza. Koma n'chifukwa chomwechonso palibe amene angalemere nazo: phindulo lili ndi denga.

Kodi ndalama zingalowe m'madzi?

Kwambiri. Anthu ambiri akathamangira kugula timasheya tochepatochepa, ndalama zoti kampani ilipire zimakwera, ndipo bodi ingasinthe chiwerengero chija kapena kuimitsa zonse. Nthawi zambiri mapepala ake amaipatsa ufulu wotero. Ngongole imene inkayembekezera ku banki ingakanike. Zikatero mtengo umagwa, ndipo wogula amatsala ndi masheya a kampani imene pa tsiku anthu ogula amachita kuwerengeka.

Ngakhale makampani aakulu amagwedezeka. Elon Musk anagwirizana mu April 2022 kugula Twitter pa madola 54.20 pa sheya. Atafuna kubwerera m'mbuyo mu July, mtengo unatsika pansi pa madola 35, ngakhale kuti mu October anagulabe pa mtengo wa pangano.

Palinso msampha wa kaundula. Masheya ogulidwa kudzera mwa broka amalembedwa m'dzina la brokayo, ndipo si mabroka onse amene amaonetsetsa kuti kasitomala aliyense wawerengedwa payekha kuti alipidwe.

Kodi mtengo umene kampani imapereka umakhala wachilungamo?

Apa m'pamene pali nkhani. Ogulawo nthawi zambiri ndi omwe akuyendetsa kampaniyo: amaidziwa kuposa wina aliyense, ndipo ndiwonso amasankha nthawi yogulira. Sizodabwitsa kuti amakonda kugula mitengo itagwa. Ku America lamulo la 13e-3 limawakakamiza kulemba chifukwa chimene akuonera kuti mtengowo ndi woyenera kwa eni masheya ang'onoang'ono, ndipo zikalatazo aliyense angaziwerenge kwaulere pa EDGAR, tsamba la pa intaneti la SEC. M'chigawo cha Delaware, mwini masheya wosakhutira pa kugulidwa kwa kampani angapemphe khoti kuti liunike mtengo, ngakhale kuti kwa munthu wa masheya ochepa ndalama za mlandu zimaposa zimene akulimbirana.

Nanga amene wakana kugulitsa?

Ku Britain, kampani ya pa msika wa AIM imachoka ngati mavoti 75 pa 100 aliwonse avomereza, ndipo wogula amene wapeza 90 pa 100 ya masheya amene ankafuna angakakamize otsalawo kugulitsa pa mtengo womwewo. Kumene kulibe kukakamiza, wokanayo amakhalabe mwini, koma malipoti amachepa ndipo kupeza wogula kumavuta.

Kodi n'kololedwa kugula munthu atamva mphekesera kuchokera mkati mwa kampani?

Ayi. Kugula potengera nkhani imene sinalengezedwe ndi mlandu ku America ndi ku Britain komwe, ndipo chilango chake chimafika pa kundende.