PHUNZIRO: LAMULO LACHISANU NDI CHIWIRI NDI ANA OSABADWA

Mkhristu aliyense adziwa kuti lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu liletsa kuba. Ambiri ayesa kuti wakuba ndiye yekhayo wothyola nkhokwe ya mnzake, kapena womasula bwato la mwini usiku. Koma Katekisimu wa Eklezia Katolika, wa chaka cha 1992, aphunzitsa kuti lamulo lomweli lilamulanso munthu kusamala zolengedwa, pakuti Mulungu adazipereka kwa anthu onse, akale, alero ndi am'tsogolo omwe. Papa Francis adabwereza chiphunzitsochi m'chaka cha 2015, m'kalata yake yotchedwa Laudato Si'. Kotero munthu angathe kubera mwana amene sanabadwe.

Za nsomba za ku Nkhotakota

Akuluakulu a kunyanja akumbukira ntchila. M'zaka za m'ma 1950 nsomba imeneyi idali yochuluka ndithu, koma anthu adaigwira mopyola muyeso, makamaka pamene inkalowa m'mitsinje kukaswa. Lero achinyamata ambiri angoimva dzina. Mpasa, umene umakwera mtsinje wa Bua kukaikira mazira, wachepanso. Chambo nacho, m'chaka cha 2018, akatswiri adachiika m'gulu la nsomba zimene zili pafupi kutha.

Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa kufikira atakhwima. Msodzi wokoka khoka pa nyengo yoswana aganiza kuti wapha nsomba imodzi, chonsecho wapha mai pamodzi ndi ana ochuluka. Wokokola kasawala ndi neti ya udzudzu afanana ndi mlimi wokazinga chimanga cha mbewu. Buku la Deuteronomo, mutu 22, lidaletsa Aisraele kutenga mbalame yofungatira pamodzi ndi ana ake. Nzeru yake ndi yomweyi: chimene chibala chisiyidwe kuti chibalenso.

Nanga wanjala atani?

Wina adzati: ana alero akulira ndi njala, munthu angaganize bwanji za osabadwa? Mau amenewa ali ndi kulemera kwake, ndipo Eklezia sapeputsa umphawi wa asodzi. Koma makolo adasiya mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe; nanji tsono mdzukulu wa munthu mwini? Wogwira kasawala lero sachotsa njala m'nyumba mwake, angoikankhira kwa mdzukulu wake, amene sangathe kubwera ku bwalo kudzadandaula. Ndiponso mlanduwu suli pa msodzi wosauka yekha. Ukula kwa mwini maboti wotuma anyamata pa nyengo yoletsedwa, kwa wamalonda wogula nsomba zosakhwima, ndi kwa mkulu wolandira chiphuphu natseka maso. Wodya amene asankha kasawala pa msika chifukwa chotsika mtengo ali ndi gawo lakenso.

Chotayika chingathe kubwerera

M'nkhalango ya Nkhotakota njovu zidatsala zosakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozemba. M'chaka cha 2015 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidatengedwa ku Liwonde ndi ku Majete kudzakhala m'nkhalangomo. Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, mafumu a kwa Makanjira amatseka usodzi dzinja lililonse kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amamvera. Koma pali chenjezo: njovu zidapezeka kwina, pamene mtundu wa nsomba wa m'nyanja ino yokha ukatha, palibe kumene ungakatengedwe.

Chifukwa chake Mkhristu wa kunyanja asunge nyengo imene boma litseka usodzi, monga asunga malamulo ena onse. Neti ya udzudzu ikhale pa mphasa ya ana, kumene idayenera. Ndipo poyesa mtima wake asanakalape, aonjezepo funso la nyanja.

Mafunso okambirana

1. Kodi lamulo lachisanu ndi chiwiri liteteza yani?
2. Chifukwa ninji kupha chambo choswana kuposa kupha nsomba imodzi?
3. Akhristu a pa doko lililonse angathandize bwanji mafumu ndi makomiti a usodzi?